Atelala Adumpha Dzenje Asanalione

Atelala anali atatopa kale Lachiwiri lija mwana wawo asanatsegule n'komwe chitseko. Kuyambira m'mawa anali akupinda mathalauza a alonda, onse akuda, nsalu yake yolimba ngati ya tenti, ndipo singano ziwiri zinali zitathyoka. Mwanayo analowa osapereka moni, anakankhira sizasi ndi choko kumbali, n'kuika laputopu pa tebulo lodulirapo nsalu.

Mwana wamkaziyu ankamutchula Kadontho. Dzinalo anam'patsa ndi malemu bambo ake, amene ankakonza ma TV ndi mawailesi m'kachipinda ka kumaso. Ali wamng'ono sankajambula ngati ana a anthu ena. Ankatenga kope la masamu n'kumadetsa timabokosi, kamodzikamodzi, mpaka patuluke galu kapena munthu wa mutu wa makona anayi. Anazionera pa gemu yakale imene kasitomala wina anaisiya kuti aikonze osabweranso kudzaitenga. Bambo ndi mwana ankakhala pa benchi limodzi, kamunthu konyamula nyali kakudumpha pa TV, iwo akufuula ngati kwapsa nyumba, mbale zili mbwee m'beseni. Atelala sanaigwirepo rimoti yake ngakhale tsiku limodzi. Ankati m'nyumba muno pakhale munthu mmodzi wotsala ndi mutu. Kenako mwamuna wawoyo anangogwa pakhomo la bafa, munthu wosadwala, osatsanzika, n'kuwasiyira mawailesi a eni ake matumbo ali panja ndi mwana wodetsa timabokosi.

Tsopano timabokosi tija tinali titam'pezera ntchito mwanayo, koma ntchito yake yoima ndi mwendo umodzi. Kampani ina yaing'ono inkapanga magemu a pa foni otengera akale aja, ndipo inam'tenga kwa miyezi itatu kuti imuone. Miyeziyo inali kutha Lachisanu. Mwini kampaniyo, amene antchito ake ankamutchula Bwana Chete akatembenuka, anali ndi njira yake yoyesera munthu. Wopanga gawo la gemu azibwera ndi munthu amene sanasewerepo chibadwire, kaya ndi azakhali kaya ndi amalume, am'patse rimoti, iye akhale kumbuyo manja ali pa maondo, pakamwa potseka. Mlendoyo akafika pa chitseko cha kumapeto asanafe kakhumi, gawolo lalowa m'gemu ndipo wopangayo watsala pa ntchito. Kadontho anati mnzake wina amene anayesedwa chaka chatha anabwera ndi amalume ake, amalumewo anathera m'dzenje, ndipo Lolemba lake pampando pake panali munthu wina.

Anati wafunsa mzere wonse wa nyumba. Wogulitsa mazira amasewera, mayi wa pa saluni amasewera, ngakhale agogo a pa geti lofiira amaphwanya timipira pa foni ya mdzukulu wawo. Munthu wosasewerapo watsala mmodzi, ndi amene wakhala pa makinayu.

Atelala anapukuta manja pa siketi n'kulandira rimoti ngati akulandira mwana wa eni wodwala.

Kunena zoona, chinthucho chinali chokongola. Kamtsikana konyamula chikwama cha makalata kanaima pa denga la nyumba, kutsogolo kwake madenga ena ambirimbiri, dzuwa likulowa, mitundu yake yosawerengeka, yofiirira, yachikasu, ina yopanda ndi dzina lomwe. Panali zovala pa zingwe zikugwedezeka, njiwa zikuuluka, utsi ukutuluka pa chumuni. Zonsezo anazimanga ndi timabokosi. Kadontho anangowaonetsa batani loyendera ndi batani lodumphira, n'kukhala kumbuyo kwawo.

Mpata woyamba anaudumpha. Wachiwiri anagwa kawiri, kachitatu anadutsa. Atafika pa mpata waukulu anaona khonde labwinobwino, la zitsulo zobiriwira ndi mphika wa maluwa, lili pakati penipeni ngati likuwaitana. Anadumphirapo. Kamtsikana kanangobowola khondelo ngati utsi n'kupita pansi. Anayesanso, chimodzimodzi. Anayesa kothamanga, anayesa kofatsa.

"Khonde ili bwanji silikundigwira?"

"Limenelo ndi lakumbuyo, amayi. Ndi lokongoletsa chabe. Muziponda paipi iyo."

"Paipi iti?"

Paipiyo inalipo ndithu, yotuwa, yopyapyala ngati ulusi, itabisala pakati pa zingwe za zovala. Ataiponda anathamanga pang'ono, anadutsa thanki la madzi, ndipo kuseri kwa thankilo kunali dzenje limene linkaonekera munthu ali kale ndi mwendo umodzi m'malere. Anagwanso. Anaika rimoti pa mathalauza.

Atelala anamuuza mwanayo osam'pita m'mbali. Anati gemu ya bambo ako ija sindinaisewere koma maso ndinali nawo, ndinkaiona ndikudutsa ndi ndowa. Mitundu yake inali inayi basi. Kumbuyo kunali kwa bii, kopanda kanthu. Chilichonse chopondapo chinali ndi mzere wakuda m'mphepete ngati nsalu yopinda bwino, ndipo chilichonse choluma chinali chofiira ndipo chinkayenda. Dzenje loyamba linali losazama, munthu ukagwamo unkatulukamo wekha, utadziwa kuti kutsogoloku maenje aliko. Ngakhale munthu wodutsa ndi ndowa ankadziwa poponda. Zako izi ndi diresi la maluwa lopanda posokera, munthu sudziwa kuti dzanja ulowetse pati. Chakomachakoma pusi anagwa chagada, ndipo pusi wake lero ndine.

Kadontho anati kukonza zimenezo n'kwa masabata awiri, madenga alipo makumi anayi, ndipo iye watsala ndi masiku atatu. Anatinso bwana yemweyo anadutsa pa desiki pake mwezi watha, anayang'ana dzuwa lolowalo nthawi yaitali n'kugwedeza mutu, ndipo munthu ameneyo akagwedeza mutu ndiye kuti wayamikira. Kenako anatsitsa mawu, n'kunena kuti njira ina ilipo. Gawolo ndi lalifupi, mphindi ziwiri. Munthu akhoza kuliphunzira.

"Ukundiuza kuti ndikaname?"

"Simukanena kanthu, amayi. Mukangosewera."

Atelala anamulalatira mpaka mawu anasasa. Anatchula malemu, anatchula zaka zimene asokera anthu osabapo ngakhale kachidutswa ka nsalu ya kasitomala, anatchula mbale zija zinkakhala m'beseni. Kadontho anakhala pansi atatsamira mwendo wa tebulo, n'kuvula nsapato. Zinali nsapato zomwe zija anayenda nazo zaka ziwiri akusiya makalata m'maofesi, chidendene chakumanzere chitadyeka mbali imodzi. Atelala anaziyang'ana nsapatozo, anayang'ana mathalauza, n'kutukwana chamumtima munthu amene anagona kumanda osadziwa kuti nsapato zimatha.

"Yatsa chinthu chakocho."

Lachitatu Kadontho anawasiyira laputopu n'kupita kuntchito. Atelala anagawa tsiku: mathalauza atatu, gemu kasanu, mathalauza atatu, gemu kasanu. Masana asanakwane anali atazindikira chimene chinkawagwetsa. Anali maso. Ngakhale ankadziwa bwino lomwe kuti khondelo n'labodza, akangoliona chala chinkadina chokha. Chithunzicho chinkanama, ndipo maso ankakhulupirira. Ndiye anasiya kuchiyang'ana.

Munthu amene wapalasa makina zaka makumi atatu sayang'ana singano. Phazi limadziwa, khutu limamva, maso amakhala pa msewu kuona amene akudutsa. Gemuyo inali ndi kanyimbo kake kotsinina, kobwerezabwereza, ndipo Atelala anaika phazi pa chopondera cha makina n'kumawerenga nako. Kanyimbo kakayamba, thamanga. Kakakwera kachitatu, dumpha. Kakatsika, dikira kawiri, dumpha pang'ono, imeneyo ndi paipi. Kakayambiranso, werenga kanayi, dumpha mwamphamvu, limenelo ndi dzenje la kuseri kwa thanki. Ukaipa dziwa nyimbo, anadziuza okha, osaseka.

Lachinayi madzulo, dzuwa lisanalowe, anafika pa chitseko cha kumapeto kasanu ndi kamodzi motsatizana, maso ali pa ketulo kuti isasefukire. Kadontho anaima kumbuyo kwawo chikwama chili pa phewa. Sanaombe m'manja. Anati mawa ayambe agwako kawiri kapena katatu, kuti zioneke bwino.

"Wandiphunzitsa kudutsa, tsopano undiphunzitsenso kugwa?"

Usiku umenewo chala chachikulu cha Atelala chinali chitatupa pang'ono, ndipo kanyimbo kaja kankawalira m'mutu ngati udzudzu.

Lachisanu anapita onse awiri ku ofesi ya kampani ija. Ofesiyo inali pa nsanjika yachisanu, ndipo chikepe chinali ndi pepala pachitseko lonena kuti chafa. Anakwera masitepe, akupuma pa nsanjika iliyonse. M'kati munali chipinda chimodzi chachitali, madesiki atagundanagundana, mawaya ali pansi ngati mizu, fani ikuzungulira mwaulesi. Anyamata ndi atsikana asanu ndi awiri anadzutsa mitu, anapereka moni wa pakamwa pokha, n'kubwerera ku makompyuta awo. Pakona panaima chimakina chakale cha gemu, chachitali ngati firiji, utoto utasupuka pamene anthu ankatsamira. Pa galasi lake panali kuyenda kamunthu ka mitundu inayi.

Bwana Chete anali munthu wochepa thupi, wa imvi zoyambira m'mbali, malaya ake batani limodzi losiyana ndi anzake. Atelala analiona batanilo asanaone nkhope. Bwanayo anawapatsa mpando kutsogolo kwa TV yaikulu, anawafunsa ngati akwera bwino, kenako anaika dzanja pa chimakina chija n'kunena zimene ankanena kwa mlendo aliyense. Anati amene anapanga ichi anali ndi mitundu yochepa ndi malo ochepa, choncho analibe ponamira. Sankalemba mawu ouza munthu chochita. Gawo loyamba ndilo linali mphunzitsi: likuonetse chinthu pamalo poti sichingakuphe, likuyese nacho pang'ono, kenako likuyese kwenikweni. Wosewera akagwa, azidziwa chimene chamugwetsa. Akagwa osadziwa, wolakwa si iye.

Kenako anafunsa Atelala ngati anayamba asewerapo gemu.

"Ine ndine telala, bwana."

Bwanayo anagwedeza mutu. Kadontho anakhala pa mpando wa kumbuyo, manja pa maondo. Mnyamata wina wa ndevu zosapesa anadina batani kuti kompyuta izijambula zonse zochitika pa TV.

Atelala anayesa kusunga pangano. Pa mpata woyamba anayendetsa kamtsikana mpaka kugwa, osadumpha n'komwe. Zinawanyansa. Kugwa dala kunali ngati kusoka mzere wokhota pamaso pa kasitomala. Kanyimbo katayambiranso, phazi lawo linayamba kugunda pansi lokha, ndipo zala zinatsatira. Mpata woyamba, wachiwiri.

Nthawi yomweyo chitseko cha m'mbali chinatseguka, ndipo analowa mayi wa tiyi atanyamula thireyi. Anali mayi wamkulu, wa msinkhu wawo womwewo, wa epuloni yoyera. Ataona munthu wachikulire pakati pa ana aja nkhope yake inamasuka, anaika thireyi pa desiki n'kupereka moni wonse, wofunsa ndi kunyumba komwe. Atelala sanaleredwe poti munthu wamkulu akupatse moni iwe n'kumuyankha ndi nkhongo. Anatembenuka, anamuyang'ana kumaso, anati kunyumba kuli bwino kaya kwanu, ana ali bwanji. Mayiyo anati ali bwino koma wamng'ono chifuwa. Atelala anati chifuwa chavuta paliponse mwezi uno, am'mwetse madzi ofunda.

Pa TV kamtsikana kananyoza khonde lobiriwira ngati kulibe, kanatera pa paipi, kanathamanga, kanadumpha mwamphamvu pa thanki, kanatsetsereka pa denga lomaliza n'kulowa pa chitseko. Kanyimbo kanasintha. M'pamene Atelala anabweza maso.

Mtsikana wina kumapeto kwa chipinda anaomba m'manja kawiri n'kusiya. Fani inkamveka.

Bwana Chete anapita pa kompyuta ya wa ndevu uja, anabweza zimene zinajambulidwa, n'kuziyendetsa pang'onopang'ono pa TV yomweyo. Anaimitsa chithunzi pamene kamtsikana kali m'malere, miyendo itatambasuka, thanki lili pansi pake. Kutsogolo kwake kunkaoneka denga losalala. Dzenje linali lisanalowe n'komwe pa galasi.

"Mayi, apa mumadumpha chiyani?"

Atelala anayang'ana chithunzicho. Anamva mwana wawo akupuma kumbuyo.

"Dzenje."

"Lili kuti?"

"Likubwera."

Wa ndevu uja anaseka kamodzi kudzera m'mphuno n'kubisa nkhope m'kapu. Bwanayo anatenga rimoti m'manja mwa Atelala mwaulemu, ndi manja awiri, n'kufunsa mayi wa tiyi ngati anayamba wasewerapo. Mayiyo anati iye foni yake ndi ya mabatani, yongoyimbira. Anam'khazika pa mpando, epuloni ili m'chiuno.

Zinatenga nthawi yaitali, ndipo Atelala anaziona zonse ataima. Mayiyo anavutika pa mpata wachiwiri, anadutsa, anamwetulira. Kenako anaona khonde. Atelala anaona mapewa ake akumasuka, monga anamasukira awo Lachiwiri. Anadumphirapo, anabowola. Anadumphiraponso. Anasuzumira pafupi ndi TV, anapukuta chala pa epuloni poganiza kuti vuto ndi thukuta. Pakamwa pa Atelala panayabwa kuti anene za paipi, koma analuma lilime. Mayiyo anafa kakhumi, kasanu ndi kawiri pa khonde lomwelo. Paipi sanaione. Anaimirira, anatembenukira kwa Kadontho n'kupepesa, anati mundikhululukire mwanangu, ine sukulu ya zimenezi ndilibe. Anatenga thireyi yake n'kumagawa tiyi wozizira.

Kupepesa kumeneko n'kumene kunawatsegula pakamwa Atelala. Anati mayiyu asapepese, sanalakwe kanthu, khonde limenelo ngakhale iwo linawagwetsa mpaka anasiya kuwerenga. Kenako anam'tembenukira bwanayo. Anati miyezi itatu mwana uyu wakhala pansi pa mphuno yanu, munadutsa pa desiki pake, munaona khonde, munagwedeza mutu. Pakamwa munasiya kuti? Ine mwana wophunzira kusoka akakhotetsa mzere ndimam'gwira dzanja pomwepo, sindidikira kuti amalize diresi ndiye ndiitane anthu adzaone. Kukhala chete si uphunzitsi, nthawi zina ndi ulesi wovala taye. Ananena zambiri, ana aja ali zyoli pa makompyuta awo.

Bwanayo anamvetsera mpaka anamaliza. Anati mwina akunena zoona pa za desikizo. Anati khonde si nkhani yaikulu, ndi ntchito ya theka la tsiku: kuzimitsa mitundu ya kumbuyo, kuika mzere pa chopondapo, kusuntha thanki. Anati muno aliyense anagwetsapo munthu wake, ndipo mayiwa akanagwa lero pakanakhala pokambirana.

"Koma iye anaona mayi ake akugwa," anatero, mawu ali pansi. "M'malo mokonza khonde anakonza mayi. Osewera athu ali kutali, mayi, sitingawatumizire mwana wanu mmodzimmodzi."

Anauza Kadontho kuti amajambula bwino kuposa aliyense m'chipindamo, kuti kalata yomuchitira umboni pa za kujambulazo am'lembera, ndi kuti Lolemba asabwere.

Katundu wake anali wochepa. Kapu, kope la timabokosi, juzi imene inkakhala pa mpando. Mtsikana anaomba m'manja uja anam'kumbatira mwachangu. Atelala ananyamula juzi. Anatsika masitepe mwana ali kutsogolo mpaka pa nsanjika yachiwiri pamene Atelala anaima kuti apume.

"Theka la tsiku. Iwe unati masabata awiri."

Kadontho anayang'ana khoma. Anati ankadziwa. Anati Lachiwiri lomwelo anayesa kuzimitsa mitundu ya kumbuyo, anaona dzuwa lake likusanduka phulusa, madenga onse ali mbuu, n'kubweza mmene zinalili. Anati miyezi itatu anathera pa dzuwa limenelo.

Atelala anafuna kumumenya ndi juziyo. Anafuna kunena za masiku awiri a mathalauza, za bodza limene anakwera nalo masitepe onsewa pa ukalamba wawo, za mayi uja wapepesa chinthu chosalakwa. Mawu analipo, koma mphamvu yowanyamulira inali itathera kumwamba kuja. Ndipo mbali ina ya mkwiyowo inali yawo yomwe, chifukwa anaona vuto tsiku loyamba, analitchula ndi dzina, kenako n'kukhala pansi kuphunzira kulizemba.

Pansi, pakhomo lalikulu, mlonda anawaimitsa. Anati alandira foni kuchokera kumwamba, achemwaliwa asiye khadi lolowera. Khadilo linali pa chingwe m'khosi mwa Kadontho, ndipo povula chingwecho chinakola m'tsitsi lake loluka. Anakoka, chinakolanso kwambiri. Kapu inali m'khwapa.

"Taima. Uzula tsitsi."

Atelala anam'weramitsa mutu monga ankachitira ali mwana, anamasula chingwecho pang'onopang'ono ndi zikhadabo, n'kuchipereka kwa mlonda. Mlondayo anaika khadi m'dirowa, anatseka, n'kuwatsegulira chitseko. Kunja kunali dzuwa la masana ndi phokoso la magalimoto. Anayenda kupita kokwerera basi, mayi ali mbali ya msewu, mwana mbali ya khoma.